Akuti tili ku Ulaya, tisadandaule

Tsiku limene tinanyamuka, pabwalo la ndege la Kamuzu panali ngati pa ukwati. Amalume anabwera ndi minibasi yodzaza, azakhali anatilongedzera mfutso ndi nsinjiro m'majumbo, abusa anapemphera mpaka olengeza za ndege anaitana kachiwiri. Amayi anangotigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwanawe, ukatikumbukire." Tinalonjeza, ndipo palibe mwa ife amene anaiwala. Koma kuyambira tsiku limenelo tinalandidwa chinthu chimene aliyense kwathu ali nacho, ufulu wodandaula. Wogulitsa tomato amadandaula, mphunzitsi amadandaula, wa kabaza amadandaula, ndipo anthu amawamvera. Ife tikangoyamba kuti kuno zinthu zathina, yankho limafika tisanamalize: "Aa, inu muli ku Ulaya, mukudandaula chiyani?" Lero tiloleni tilankhuleko mpaka timalize.

Tikamati ife, tikunena ana a ku Malawi amene tinabwera ku Britain kudzaphunzira, ambiri digiri yachiwiri ya chaka chimodzi, ena ya udokotala ya zaka zitatu kapena zinayi. Tili ku Glasgow, ku Edinburgh, ku Leeds, ku Manchester. Timadziwana pa magulu a WhatsApp ndi m'mapemphero a Loweruka m'nyumba za anzathu. Sindife osayamika ayi. Tikudziwa kuti pamene takhalapa panali anthu ochuluka amene analembera koma sanatengedwe. Kungoti kuyamika sikulipira lendi.

Munthu asanaponde n'komwe m'ndege amakhala atatha kale chuma. Pali mayeso a Chingerezi a IELTS, omwe timalipira ngakhale taphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5 mpaka ku yunivesite, ndipo zikapita zaka ziwiri usanapeze malo, ulembenso n'kulipiranso. Pali kujambulitsa chifuwa kuti aone ngati ulibe TB. Pali viza, yomwe mu 2024 inali mapaundi 490. Pali ndalama ya chipatala, yomwe mu February chaka chomwecho inakwera kuchoka pa mapaundi 470 kufika pa 776 pachaka. Kenaka amafuna uonetse kuti kubanki uli ndi zokusunga miyezi isanu ndi inayi, mapaundi opitirira 1,000 pamwezi, zitagona mu akaunti masiku 28 osakhudzidwa. Fizi yokha m'mayunivesite akuluakulu imadutsa mapaundi 20,000. Amene anachita mwayi wa sikolashipu ya Chevening, Commonwealth kapena Beit, zambiri mwa izi amawalipirira. Enafe tinagulitsa puloti, tinagulitsa galimoto, tinakongola ku banki m'khonde ya amayi, ena mpaka analowa katapila.

Ndiye mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Dola imene inali pa K1,180 inafika pa K1,700. Tinadzuka m'mawa kuno n'kupeza kuti ndalama zimene abambo anasunga kuti amalizire gawo lachiwiri la fizi zachepa mphamvu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, popanda wina kuzikhudza. Ngakhale amene makwacha anali nawo okwanira ankadikira masabata kuti ndalama zakunja zipezeke kubanki. Uku makalata a kusukulu akubwera, aulemu koma osasekerera, kukumbutsa tsiku lomaliza. Tinaona anzathu akuwonda mwezi umenewo, anthu oti kwathu anali ndi maina.

Kwathu masamu ake ndi ena. Akamva kuti walandira mapaundi 1,000 amatenga foni n'kuchulukitsa, ndiye amapeza mamiliyoni. Sawerengera kuti kachipinda ka bedi limodzi ndi tebulo kamadya theka la ndalamayo kapena kuposa, kuti basi ndi ya mapaundi, magetsi otenthetsera chipinda ndi a mapaundi, ngakhale kuchapa zovala ndi kwa mapaundi. Mwezi wa October ukafika foni siigona. "Achimwene, mvula yayandikira, feteleza sitinagule." January ndi fizi ya mwana wa achemwali. Pakatipa pali matenda, pali chinkhoswe, pali denga limene lasasuka ndi mphepo, palinso amene tinasiyana nawo ku pulayimale: "Bwana, mutiganizireko kangachepe." Timatumiza. Tingakane bwanji, poti nafenso tinaphunzira ndi ndalama za fodya wa amalume ndi zitumbuwa za amayi? Chimene chimatiwawa n'chakuti tsiku limene tanena zoona kuti mwezi uno tilibe, dzina limasintha. Wayamba kunyada. Waiwala kumene anachokera. Miyezi isanu ndi umodzi imene tinatumiza tikugona ndi buledi ndi tiyi wopanda mkaka imafufutika ndi "ndilibe" mmodzi.

Zimene timatumizazo zimachokera ku ganyu. Lamulo limalola wophunzira kugwira ntchito maola 20 pa sabata nthawi ya sukulu, ndipo ukapyola viza ili pachiswe. Maola amenewa ambirife timakawathera m'nyumba zosamalira okalamba, m'nyumba zosungira katundu, kapena kukolopa maofesi eni ake ataweruka. Pakati pathu pali amene kwathu anali mphunzitsi wamkulu, pali namwino wa zaka khumi, pali amene ankatsegulidwira chitseko cha galimoto ya boma. Mmodzi wa ife, mayi wa ana awiri, amasamalira agogo ena a zaka zoposa 90 amene maso anachita khungu. Amawadzutsa, kuwasambitsa ndi kansalu konyowa, kuwapesa tsitsi loyera lija, kuwamwetsa phala ndi supuni pang'onopang'ono kuti asatsamwe. Agogowo amamugwira dzanja n'kumamutchula dzina la mwana wawo amene sabwera kudzawaona. Tsiku lina anatiuza, misozi ili lengelenge: "Ndikamawasambitsa ndimaganiza za agogo anga ku Ntcheu. Akuwatungira madzi ndi mwana wa aneba, ine ndili kuno." Ntchito imeneyi ilibe manyazi, ndipo yatiphunzitsa kuleza mtima kumene sitikanakupeza m'buku. Koma kwathu sitiitchula, chifukwa tinamva kale mmene amasekera pa bawo ndi pa mjigo: uja anapita ku Ulaya kukasambitsa nkhalamba za azungu.

Ukaweruka ganyu wa usiku 7 koloko m'mawa nthawi yachisanu, kunja kumakhala kukadali bii. Umaima pa siteji ya basi, mvula ikugwa chammbali, zala zili gwa m'matumba, nsapato zanyowa. Basi ikafika umakhala pafupi ndi windo, mutu n'kumagunda galasi ndi tulo. Ufike kuchipinda, usambe, 9 koloko ukhale uli m'kalasi ukuoneka ngati munthu amene anawerenga mitu itatu imene anapereka sabata yatha. Ndipo unawerengadi, pa foni, pakati pa usiku, pamene agogo aja anali atagona.

Za kuzizira anatiuza, moti majekete tinagula pa kaunjika tisananyamuke. Za mdima palibe anatiuza. Mu December ku Glasgow dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 n'kulowa 4 koloko isanakwane, ndipo masiku ambiri silioneka n'komwe, kumangokhala mitambo ngati bulangete lakuda. Munthu wobadwira ku Salima kapena ku Nsanje, amene anazolowera kudziwa nthawi poyang'ana chithunzithunzi chake, amasokonekera. Thupi limafooka, tulo timabwera masana n'kuthawa usiku, mtima umalemera popanda chimene wakulakwira. Ena adokotala anawapatsa mapilisi a vitamini D. Ena anawauza poyera kuti ndi matenda a nkhawa. Ukayesa kuuza a kunyumba amakuyankha mwachikondi ndithu, koma yankho lake limakutseka pakamwa: "Pemphera, mwana wanga. Nkhawa ya chiyani ukudya bwino?" Ndiye umaphunzira kunena kuti ndili bwino, amayi, kuno kulibe vuto.

Anthu a kuno si oipa, tisawanamizire. Ku Glasgow munthu akamatsika basi amathokoza dalaivala. Pali amayi a kutchalitchi amene anatiitana pa Khirisimasi n'kutipatsa masikafu oluka okha. Koma moni wa kuno amapereka akuyenda. Amakufunsa ngati uli bwino atakudutsa kale. Kwathu moni ndi kuima, kufunsa za ana, za mvula, za odwala. Kuno ukhoza kutha chaka wa chipinda choyandikana nawe osadziwa dzina la amayi ako, ndipo utadwala masiku atatu palibe angagogode.

N'chifukwa chake nsima kuno si chakudya wamba. Ufa timaupeza m'timashopu ta anthu a ku Africa ndi ku Asia, nthawi zambiri wochokera ku South Africa, ndipo timauyeza ngati mankhwala. Mthiko ndi chipande tinachokera nazo kwathu m'sutikesi. Khitchini ndi imodzi ya anthu asanu ndi mmodzi, ndiye timadikira usiku onse atalowa m'zipinda, kuti tivundule momasuka popanda wofunsa ngati ndi mbatata yopondaponda. Mnzathu wina anakazinga usipa umene achemwali ake anamutumizira kudzera mwa munthu wobwera. Anaukazinga bwinobwino, tomato ndi anyezi, kambuzi pang'ono. M'mawa anapeza kapepala pa filiji kopempha kuti ophika azilingalirako anzawo pa nkhani ya fungo. Anakawerenga, n'kukapinda, n'kubwerera m'chipinda. Usipa wotsalawo anaudya wozizira, chitseko chotseka. Koma m'khitchini momwemo ndi mmene mnyamata wa ku Nigeria anamuona akutema mbamu ndi dzanja, n'kukoka mpando, n'kusamba m'manja osaitanidwa. A ku Zimbabwe akabwera amati ndi sadza yawo, a ku Zambia amati ndi yawonso. Ndipo tsiku limene umve munthu wa ku Chipata akulankhula Chinyanja pa foni kumbuyo kwa basi, umadutsitsa siteji yako dala kuti umupatse moni.

M'kalasi namo muli zake. Pulofesa wa imvi, wolemba mabuku, amakuuza kuti uzimutchula dzina lake loyamba. Lilime limakana. Kwathu munthu wotero sungamutchule dzina, sungakhale pansi asanakuuze. Kenaka asayimenti yoyamba, imene unaigwirira masabata atatu, imabwera ndi 52. Iwe amene unali woyamba kuyambira ku pulayimale, amene dzina lako linamveka pa wailesi posankhidwira ku yunivesite. Pansi alembapo kuti mwandiuza bwino zimene ena ananena, nanga inu mukuti chiyani? Funso limeneli linatigoneka ndi mutu ambirife. Zaka zonsezi tinkakopera notsi pa bolodi, kuloweza, n'kukabweza pa mayeso monga tinalandirira. Wofunsa mafunso ambiri ankatchedwa wamwano. Tsopano akutiuza kuti titsutsane ndi buku, titsutsane ndi pulofesa yemweyo, ndipo ukatenga mawu a wina osamutchula, makina a Turnitin amakugwira ngati wakuba. Zonsezi uziphunzire m'chaka chimodzi, September mpaka September, pomaliza ulembe kafukufuku wa mawu oposa 10,000. Apa dandaulo lathu likupita kwathu. Bwanji anatilola kufika zaka makumi atatu popanda wotifunsa chimene ife tikuganiza? Nzeru tinali nazo. Panalibe amene anazifuna.

Koma nawonso a kuno tili nawo mawu. Ku Scotland dzina la Malawi si lachilendo. Blantyre wawo, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, ali pafupi ndi Glasgow, ulendo wochepa pa sitima, ndipo maboma a Scotland ndi Malawi anasainirana mgwirizano mu 2005. Ambiri amatidziwa kudzera m'ntchito zachifundo, monga phala la ana asukulu la Mary's Meals lomwe linayambira kwathu mu 2002. Chifundocho n'chenicheni ndipo ana athu apindula nacho. Vuto n'lakuti ena amatidziwa potero pokha. M'kalasi akamakamba za malamulo a zachuma kapena za makina atsopano, palibe amatembenukira kwa ife. Ikangofika nkhani ya umphawi, ya njala, ya malungo, mitu yonse imatembenuka: tiuzeni mmene zimakhalira kwanu. Timafotokoza, poti tikuzidziwadi kuposa buku. Koma tinabwera ndi zambiri kuposa umboni wa mavuto.

Kuyambira January 2024 wophunzira digiri yachiwiri ya m'kalasi, ngati sakulipiriridwa ndi boma, saloledwanso kubwera ndi banja. Ndiye ana anatsala kwa agogo awo, kwa azakhali, kwa bambo awo okha. Timawalera pa vidiyo. Nthawi yachisanu kwathu kumakhala kutsogolo ndi maola awiri, choncho pamene iwe ukutuluka m'kalasi mwana akuodzera kale. Netiweki imaduka pakati pa nkhani ya dzino lake logwedera. Mayi wina pakati pathu anamva mwana wake wa zaka zitatu akuitana achemwali a mayiyo kuti amayi, iye ali pa foni pomwepo. Anaseka kuti mwanayo asadabwe. Foni itaduka anakhala pansi m'khonde la layibulale mpaka mlonda anabwera kudzamufunsa ngati wadwala.

Choopsa kuposa zonse ndi foni ya usiku. Aliyense wa ife amaidziwa. Ikalira 3 koloko m'bandakucha, dzina la amalume likuoneka, umadziwiratu usanayankhe. "Limba mtima, mphwanga. Abambo ako atisiya." Tikiti ya mwadzidzidzi yodzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi ndi ndalama ya miyezi ingapo, ndipo kumudzi sangasunge thupi kudikira iwe. Ndiye maliro a bambo ako umawaonera pa foni imene msuweni wanyamula, chithunzi chikugwedezeka, ukumva nyimbo za amayi a mvano mwa apo ndi apo, ukuona mapazi a adzukulu ndi dothi lofiira. Sunagone pa siwa. Sunaponye dothi. Foni ikazima umapezeka uli wekha m'kachipinda, hita ikulira, asayimenti ikudikira Lachisanu. Madzulo anzako a ku Malawi amabwera, ena pa sitima kuchokera mizinda ina, amakhala pansi pa kapeti, amaimba motsitsa mawu kuti aneba asadandaule, amasonkha chipepeso cha mapaundi asanuasanu. Ndi mmene tinachitiranso mu March 2023 namondwe Freddy atagumula mapiri ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe: usiku wonse maso pa foni, kuimba manambala osagwira. Maliro aja akatha pamamvekabe mawu kumudzi akuti mwana wawo wa ku Ulaya uja sanabwere n'komwe kudzaika bambo ake.

Tikudziwa kuti zithunzi timatumiza tokha. Taima pa chipale chofewa, tavala jekete lalitali, tikumwetulira kutsogolo kwa nyumba zakale za yunivesite. Timatero chifukwa amayi akaona chithunzi chotero amagona tulo, ndipo amene anagulitsa ng'ombe kuti tibwere ayenera kuona kuti sinapite pachabe. Chithunzi cha pa siteji ya basi chija tingawatumizire bwanji munthu wa BP?

Takula, zimenezo sitikana. Amuna amene sankadziwa pokhala mchere lero amaphika, amachapa, amasita. Akazi amene sankapita kumsika osapempha chilolezo ayenda okha mizinda ya eni, asainira okha nyumba, atsutsana ndi eni nyumba ofuna kuwadyera dipoziti n'kupambana. Taphunzira kuuza wamkulu kuti sindikugwirizana nazo popanda kumunyoza. Taphunzira kufunsa kuti umboni wake uli kuti. Taonanso dziko lathu tili patali, n'kuyamba kulikonda mopweteka, chifukwa taona kuti zambiri zimene tinkati ndi mmene zimakhalira zinachita kupangidwa ndi anthu ndipo anthu akhoza kuzisintha.

Koma kukula kumeneku tikafika nako kwathu kumasanduka mlandu. A Chevening amalonjeza kubwerera kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri, ndipo ambiri, ngakhale opanda lonjezo, amabwerera ndi mtima wonse. Anzathu amene anatsogola amatiuza zimene anapeza. Mpando wako anapatsa wina. Ukapereka ganizo pa msonkhano, abwana amamwetulira: "Achimwene, izo ndi za kwa azungu, kuno ndi ku Malawi." Ukafunsira ntchito kwina akuti mwaphunzira mopyola. Ukafika nthawi yake pa msonkhano wa 9 koloko umakhala wekha mpaka 10, ndipo ukadandaula akuti wasintha. Likakupulumuka liwu limodzi la Chingerezi pa maliro, akudzimva. Wotsala kunja amutcha wothawa dziko lake. Wobwerera amufunsa kuti wabwereranji, anzako akumanga nyumba ali komweko. John Chilembwe atabwera kuchokera ku America mu 1900 anakamanga sukulu ndi tchalitchi ku Mbombwe, ndipo lero nkhope yake ili pa ndalama. Kamuzu Banda anatsika ndege pa Chileka pa 6 July 1958 atatha zaka zoposa makumi anayi kunja, akulankhula kudzera mwa womasulira, ndipo anthu anamumvera. Ife sitikudziyerekeza ndi amenewo. Tikungopempha kuti wina atifunse, kamodzi kokha, kuti kodi kumeneko mwaphunzirako chiyani, m'malo mofunsa kuti mwatitengera chiyani.

September wapitayu tinapita atatu kubwalo la ndege la Glasgow kukachingamira mtsikana wa ku Dedza amene amalume ake anatipeza pa WhatsApp. Anatuluka atavala juzi yopyapyala, akukoka sutikesi yomangidwa ndi chitenje, mthiko ukusuzumira pa zipi. Tinamuveka jekete limene anasiya mnzathu amene anabwerera chaka chatha. M'basi anangoti maso pa windo, kenaka anatembenuka n'kufunsa motsitsa: "Achemwali, kuno kuli bwanji kwenikweni?" Tinayang'anana. Wamkulu mwa ife anamuuza kuti ayambe waimbira amayi ake kuti wafika bwino, zinazo tikambirana tikadya, ndipo nambala zathu azisunge pamwamba chifukwa November akubwera. Tinatsika siteji imodzi tisanafike kuti timuonetse kashopu kogulitsa ufa.